Za suti ya pa sitima ija, mwana wanga

Mwana wanga,

Uthenga wako ndinauona dzulo usiku koma sindinafune kungokuyankha mawu awiri atatu pa WhatsApp, nkhaniyi njofunika kuikhalira pansi. Amayi ako asangalala kwambiri kumva kuti iwe ndi apongozi anga mwalipira kale ulendo wa pa sitima yapamadzi uja, inenso chimodzimodzi. Koma pamene unalemba paja kuti "adadi, akuti kuli formal night, ndigule tuxedo kapena ndidzangodzitsekera m'chipinda usiku umenewo?" ndinaona kuti wachita mantha ndi chinthu chosaopsa. Zaka zonse zija ndinkachoka pakhomo miyezi yambirimbiri iwe uli wamng'ono, ndinali m'sitima zomwezi ndi thireyi m'manja, ndiye usiku umenewu, womwe anthu amayenera kutchena mwaulemu popita kukadya, ndauona kambirimbiri, tandimvera.

Tuxedo usagule. Kudzitsekera m'chipindako ndiye usayerekeze n'komwe. Suti yako yabuluu wodera ija unavala pa ukwati wa mlongo wako ikwana, bola ikhale pathupi pako ngati anasokera iweyo. Nkhani yonse yagona pamenepo basi, pa kukwana kwa chovalacho, osati pa dzina lake.

Koma poyamba funsa kaye, paja safunsa anadya phula. Kampani iliyonse ili ndi lamulo lake ndipo amalemba poyera pa intaneti komanso m'mapepala omwe anakutumizira utalipira, iwe sunanditchulire kuti mwakwera ya ndani ndiye ndikuuza zomwe ndikudziwa. A Cunard, eni ake a Queen Mary 2 ija inayamba kuyenda mu 2004 yomwe imaoloka nyanja ya Atlantic kuchoka ku Southampton kupita ku New York masiku 7, amenewo ndiye samasewera. Usiku wawo amautcha Gala Evening, ikangokwana 6 koloko madzulo mwamuna avale tuxedo kapena suti yodera ndi tayi, ndipo amene sakufuna amakadyera ku Kings Court kodzitengera wekha chakudya kuja kapena kukakhala ku Golden Lion, koma kulesitilanti yaikulu ndi kuholo yovinira ayi. A P&O Cruises a ku Britain nawonso amakonda black tie, ndiye kuti kavalidwe ka tuxedo. Pomwe a Carnival amati Cruise Elegant, buluku labwino ndi shati ya kolala zakwana, jekete ukafuna. A Celebrity anachotsa formal night mu 2015 n'kuika yomwe amati Evening Chic, ndipo a Norwegian Cruise Line ndi Freestyle yawo ija sakakamiza munthu n'komwe. Waona kusiyana kwake? Pa zonsezi suti yodera ndi tayi imalowa paliponse, kwa okhwimitsa malamulo sakubweza, kwa omasuka suoneka ngati wasochera. Malamulowa amasinthasintha, choncho werenga a chaka chino. Ulendo wa sabata imodzi kawirikawiri usiku woterewu umakhala kawiri, woyamba chakumayambiriro, nthawi zambiri tsiku lomwe sitima siima padoko, wachiwiri chakumapeto.

Tsopano itulutse sutiyo lero lomwe, osati kutatsala masiku awiri. Uvale yonse, shati, tayi, nsapato, uime pagalasi manja utagwetsa. Yamba ndi mapewa, chifukwa china chilichonse telala angathe kukonza koma mapewa ndi ovuta zedi. Msoko wa paphewa uthere pomwe phewa lako lathera, ukapitirira uoneka ngati wabwereka ya achimwene ako, ukaperewera jekete imakoka kumsana. Manga batani la pakati, ngati nsalu yakokeka n'kupanga makwinya ngati chilembo cha X pamimba ndiye kuti yathina. Manja a jekete athere pamfundo ya dzanja kuti shati yoyera izisuzumira pang'ono, ngati sentimita imodzi. Buluku lingogunda pamwamba pa nsapato, osati kuunjikana pansi ngati thumba la chimanga losadzaza. Ukatero khala pampando, imirira, kweza manja ngati ukuvina ndi mkazi wako, werama ngati ukutola kanthu. Suti yomwe imakoma ukangoima phee koma ukakhala pansi imakufinya si yodyera chakudya cha mbale zinayi zisanu.

Ndipo pa chiuno pamenepa mvetsetsa, pa sitima anthu amadya mwana wanga, m'mawa, masana, madzulo, pakati pa usiku, chakudya chimangokhala chilipo. Buluku lomwe linakukwana ndendende usiku woyamba, pofika usiku wachiwiri uja batani limakana. Ndaonapo azibambo ambiri atamasula batani la buluku kunsi kwa tebulo n'kuphimba ndi kansalu kopukutira pakamwa, nkhope ili gwaa, chakudya osachimvanso kukoma. Pita nalo kwa telala aone ngati kumsoko wa kumbuyo kunatsala nsalu, ambiri amatha kutulutsa masentimita awiri kapena atatu.

Ukapeza kuti sutiyo yakuthawa ndithu ndipo uyenera kugula ina, gula ya ubweya wa nkhosa wopepuka, yabuluu wodera kapena yotuwa modera ngati makala. Ubweya umapuma, ndipo ukaupachika usiku umodzi makwinya ambiri amachoka okha. Zonyezimira za poliyesitala zija zimakopa m'shopu koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, zimasunga thukuta ndipo ojambula a pa sitima akathwanimitsa kamera zimawala ngati pulasitiki. Ojambulawo usiku umenewo amakhala ponseponse, pamasitepe, pakhomo la lesitilanti, pena pambali pa kaputeni, ndipo chithunzi chimenecho n'chomwe apongozi anga adzapachike pakhoma zaka zambiri.

Shati tenga ziwiri zoyera, za thonje, kolala yake ukamanga batani la pakhosi zala ziwiri zizilowa. Matayi awirinso, ina yodekha ina yowala pang'ono, ndiye suti imodzi yomweyo ioneka yatsopano usiku wachiwiri, palibe amene adzadziwe. Tayi ithere pa chitsulo cha lamba. Kansalu koyera m'thumba la pachifuwa, kongopinda mowongoka osati kochita maluwa, kamasintha munthu kwambiri. Batani la pansi la jekete silimangidwa, ndipo ukamakhala umasule lapakatilo, ukaimirira umangenso. M'matumba usadzazemo zinthu, foni ndi khadi la chipinda basi, khadi lomwelo ndi lomwe umalipirira zonse pa sitima ndiye chikwama cha ndalama chisiye mu sefa.

Nsapato ndi pomwe ambiri amagwera. Munthu watchena bwinobwino kuyambira kumutu, ukayang'ana pansi wavala zothamangira kapena nsapato yotuwa yosaona polishi chaka chonse. Zakuda, zachikopa, zomanga ndi zingwe, zopolisha mpaka udzionemo, lamba wakudanso. Koma zisakhale zatsopano zongochotsa m'bokosi, yamba kuzivala panopa madzulo aliwonse m'nyumba, sitima zimenezi ndi zazitali, Queen Mary 2 yokha ndi mamita 345, kuchoka kuchipinda kukafika kodyera ndi kaulendo ndithu ndipo matuza pa chidendene adzakuonongera usiku. Chinanso, pansi pa nsapato pakakhala pachikopa chosalala pamaterera, kunja pa deki pamakhala chinyontho cha nyanja ndiye sitima ikangopendekeka pang'ono wapita. Uza wosoka nsapato amatepo kalabala kopyapyala. Masokosi akuda aatali, oti ukasanjikiza miyendo khungu lisaoneke.

Ngati mtima wako uli pa tuxedo ndithu, kapena mwakwera ya anthu okhwima aja ndipo ukufuna ufanane ndi ambiri, chita renti usananyamuke kuti uiyese ndi kuikonzetsa, usadalire kuti ukaipeza m'sitima chifukwa si zonse zomwe zimabwereketsa. Angerezi amaitcha dinner jacket, dzina loti tuxedo linachokera ku Tuxedo Park ku New York komwe inatchuka cha m'ma 1886. Ili ndi malamulo ake. Kolala ya jekete imakhala ya nsalu yosalala yonyezimira, buluku lake lili ndi mzere wa nsalu yomweyo m'mbali ndipo silivalidwa ndi lamba, limagwidwa ndi malamba odutsa m'mapewa aja. Pakhosi ndi bow tie yakuda ija yonga gulugufe, pamimba cummerbund, lamba wansalu wotambalala, mipindo yake iyang'ane kumwamba, manja a shati amamangidwa ndi ma cufflinks, timabatani tachitsulo tolowetsa. Jekete yoyera imaloledwa kumadera otentha ngati ku Caribbean. Ukaphonya chimodzi mwa izi zimaonekera kutali, n'chifukwa chake ndikuti suti yako yomwe unaizolowera ikuposa tuxedo yomwe suidziwa. Ndipo si onse amavala zimenezi, ndinkaona anthu a ku Scotland atavala kilt, siketi ya amuna yakwawo, asilikali opuma ndi yunifomu zawo, amwenye ndi zovala zakwawo zaulemu, onse ankalandiridwa bwino.

Kalongedzedwe. Simbi usatenge, amalanda pachipata, pa sitima palibe chomwe amaopa kuposa moto. Sitima zina zili ndi kachipinda kochapira komwe muli simbi, zina zilibe, umapereka kwa wosamalira chipinda chako akakusitire molipira, koma upereke tsiku lomwe wakwera chifukwa pa tsiku lenilenilo aliyense amakhala akufuna zomwezo. Jekete uitembenuze, phewa limodzi ulilowetse mwa linzake, upinde kamodzi, uike pamwamba pa zonse. Ukangofika ipachike, ndipo posamba ipachike kubafa chapatali ndi madzi, nthunzi imawongola makwinya. Ngati mukafike kudoko pa ndege, suti ndi shati imodzi zikhale m'chikwama cha m'manja. Sutikesi ikasochera pabwalo la ndege sitima siidikira, imanyamuka pa nthawi yake.

Tsopano ndikuuze chifukwa chenicheni chomwe ndalembera zonsezi, chifukwa si nsalu ayi.

Usiku wina ndinaikidwa kuthandiza pakhomo la lesitilanti. Kunabwera mayi wina wachitsikana, msinkhu wa apongozi angawa, atavala diresi yaitali yobiriwira yofika pansi, tsitsi atakonzetsa, ndolo zikuphethira, kachikwama kakang'ono atagwira ndi manja onse awiri ngati munthu amene sanazolowere koma wakondwa. Unkachita kuona kuti diresi imeneyo anaiganizira miyezi. Pambuyo pake mwamuna wake, kabudula, sikipa ya mpira, mapatapata. Mkulu wathu anawauza mwaulemu, motsitsa mawu, kuti bwana usiku uno sitingakulowetseni chonchi, mungathe kukasintha kapena kukadyera kumtunda. Bamboyo anayamba kukweza mawu, ndalipira ndalama zanga, ndili pa holide, palibe wondiuza chovala. Anthu pamzere anangoti zii. Ine sindinkamuyang'ana iye, ndinkayang'ana mkaziyo. Sanalankhule kanthu, anangoyang'ana pansi, n'kukweza dzanja pang'onopang'ono kuvula ndolo imodzi, kenako inayo, n'kuziika m'kachikwama kaja. Anatembenuka n'kumapita ku lifiti diresi ikukwekwereza pakapeti. Mpaka lero ndikatseka maso ndimaona dzanja limenelo likuvula ndolo.

Bambo uja mwina sanali munthu woipa, anangoganiza kuti zovala zake ndi nkhani ya iye yekha. Koma usiku umenewo si wako wekha mwana wanga. Mkazi wako ndikumudziwa, wayamba kale kuyang'ana madiresi pa foni ngakhale sanakuuze. Masiku onse mumaonana muli otopa, wina akuchokera kuntchito wina ali ndi mwana kumsana, ndiye pali usiku uwiri wokha womwe adzatuluke m'kachipinda kaja atadziphoda n'kukupeza iwe utaima pakhomo, jekete itakhala bwino pamapewa, ukumudikira. Mufunse mtundu wa diresi yake kuti tayi yako isamenyane nayo. Uyambe iwe kuvala chifukwa zipinda za m'sitima ndi zazing'ono, anthu awiri sangavalire limodzi, ukatha umusiyire galasi ndi bafa. Ndevu umete madzulo omwewo, tsitsi ukametetse kutatsala masiku atatu anayi kuti munyamuke. Mafuta onunkhira pang'ono chabe, mungathe kukhala tebulo limodzi ndi anthu achilendo ndipo wina nyanja ikamuzunguza mutu fungo lamphamvu limamuonjezera mseru. Jekete usavule pa tebulo, m'malesitilanti mwawo mumazizira ndi makina, suvutika. Koma mukatuluka pa deki kukaona nyenyezi mphepo ya panyanja usiku imabaya, pamenepo ndiye uvule umufunditse mkazi wako.

Ndinaperekerapo zakudya kwa anthu olemera kwambiri ovala zodula, ndinaperekeranso kwa agogo ena omwe suti yawo inali yakalekale, mafashoni ake anatha, koma yochapa, yosita, nsapato zikuwala, atagwira mkazi wawo pamkono akuyenda pang'onopang'ono chifukwa sitima inkagwedezeka. Ife operekera tinkachita kulimbirana tebulo lawo. Ndikufuna ukalowe ngati agogo amenewo, mutu uli m'mwamba, osaganizanso za chomwe wavala chifukwa unachikonza kale.

Loweruka lino uvale zonse monga ndanenera, apongozi akujambule kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo manja utagwetsa, unditumizire, maso angawa aona pofunika telala. Undiuzenso dzina la sitimayo ndi masiku ake. Amayi ako akuti ma cufflinks anga asiliva aja ali m'kabati akapukuta, ukabwera kudzasiya mwana udzawatenge ngakhale utasankha suti wamba, bola shati imodzi ikhale ya manja olowetsa ma cufflinks.

Moni kwa apongozi anga ndi kamdzukulu kanga.

Ndine bambo ako.