Tisamangofunsa za fizi posankha koleji ya uinjiniya

Akonzi,

Zotsatira za MSCE zikatuluka, makolo kuno ku Mzuzu timangofunsa za fizi basi. Mphwanga atasankhidwa kupita ku MUBAS, yunivesite ya boma ya ku Blantyre yomwe imaphunzitsa uinjiniya, tinavina, poti sukulu za boma n'zotsikirako mtengo. Koma thiransipoti yopita ku Blantyre, malo ogona ndi chakudya sitinaziwerengere. Chikhalirecho sindidandaula, mwanayo akugwira makina ndi manja ake.

Makoleji omwe si aboma alipo abwino, ena pafupi pompano. Koma ina yomwe ndinakayendera, wekishopu yake inali ndi makina owotcherera amodzi okha, fumbi lili mbuu! Injiniya angaphunzire pabolodi pokha?

Makolo anzanga, musanagulitse ng'ombe, kaoneni wekishopuyo ndi maso anu. Mufunsenso ngati maphunzirowo ndi ovomerezedwa ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite.

Kholo,
Chibavi, Mzuzu