Lipoti la msonkhano wa zaumoyo kwa komiti yathu ya ku Zolozolo

A Wapampando, amayi ndi abambo anzanga,

Msonkhano munandituma uja unachitikira m'tauni momwemuno mu Mzuzu, ndipo ndinakhala mpaka pemphero lotsekera. Ndanena dala, poti zandipeza kuti ena akuti ndinangosainira alawansi n'kuzemba. Wakabaza sapereka lisiti, koma zonse ndalemba m'kope la msungichuma, wofuna akaone.

M'mawa kunali malonje, zolankhula za akuluakulu ndi ziwerengero zapakhoma zomwe ife akumbuyo sitinkaziona n'komwe.

Chimene chinandigwira mtima ndi phunziro la namwino wina woona za matenda a maganizo. Anatifunsa kuti, bwanji anthu awiri akamatsokomola mofanana, wina amathamangira kuchipatala cha Mapale sabata yomweyo, pomwe mnzake amatha miyezi akungomeza Panado wa pagolosale? Tonse tinati ndi ndalama. Iye anati ndalama ndi mbali chabe, poti ku Mapale ndi kuchipatala chachikulu cha Central sitilipira. Munthu amene ngongole yamukhala pakhosi, kapena waferedwa, kapena m'banja mulibe mtendere, amasiya kudzilabadira. Akudziwa bwinobwino kuti chifuwa cha masabata awiri n'chofunika kukayezetsa TB, koma mphamvu yodzuka n'kukaima pamzere alibe. Mayi wosweka mtima amadziwanso kuti mwana akatentha thupi asagone tsiku lonse osayezedwa malungo, koma amangomufunditsa chitenje n'kumati tione mawa.

Palinso ena osiyana ndi awa. Amabwera kuchipatala pafupipafupi, akuti mutu, mtima ukugunda, tulo sitikubwera. Malungo sapezeka, BP ili bwino, buku lakuchipatala ladzaza. Ife timawanena kuti ndi okonda mankhwala, chonsecho chikuwadya ndi nkhawa. Otere, anatero namwinoyo, tiziwaperekeza ku St John of God, chipatala cha matenda a maganizo, osadikira kuti mpaka ayambe kuyankhula okha pamsewu.

Anatiuzanso za Friendship Bench ya ku Zimbabwe, yomwe anayambitsa Dr Dixon Chibanda ku Harare: agogo aakazi amaphunzitsidwa kumvetsera, n'kumakhala pabenchi panja pa chipatala kucheza ndi ovutika maganizo. Agogo nanga ife kuno tikuwasowa?

Pomaliza anthu a pamsonkhanowo anagwirizana zosindikiza mapositala a zizindikiro za matenda. Ine sindinakweze mkono. Ndani ku Zolozolo sadziwa kuti kutsokomola magazi n'koopsa? Positala siigogoda pakhomo la bambo amene ntchito yamuthera ndipo wadzitsekera m'nyumba. Chofunika ndi munthu woti amupeze, amufunse za m'nyumba mwake asanafunse za chifuwacho, kenako akwere naye kabaza.

Pamenepa mundikhululukire, A Wapampando. Chaka chatha ndinapempha kuti tikhale ndi kathumba ka mayendedwe a odwala, munati ndalama palibe. Mwezi wotsatira tinagula zitenje za yunifolomu. Zitenjezo n'zokongola, sindikukana, koma mayi wodwala uja tinkamuyendera anakafika kuchipatala matenda atakula, ndipo amene ankafuna zitenje ndi omwe analira mokweza.

Gawo la masana la kalembedwe ka malipoti linali zomwe timadziwa kale.

Loweruka ndibweretsanso nkhani ya kathumbaka, pamodzi ndi yosankha agogo oti tikawapemphere maphunziro a uphungu. Msungichuma abwere ndi kope, ndipo nthawi ino tivote pokweza manja.