Chilengezo kwa mamembala onse a kalabu yathu

Mamembala anzathu, chisanu chatha ndipo mitengo yayamba kuphukira, ndiye tiyambepo ntchito. Loweruka likubwerali m'mawa tikumane kupaki kuti titole zinyalala komanso tipente mabenchi aja penti yake inasupuka. Mubwere ndi magolovesi ndi mareki.

Nkhani yaikulu ndi malonda a katundu wakale omwe tidzachite kumapeto kwa mwezi uno. Ndalama zonse zidzalowa m'thumba lothandizira ana asukulu ovutika, lomwe panopa latsala pang'ono kuuma. Fufuzani m'nyumba mwanu: mabuku, zovala zochapa bwino, njinga zomwe zawachepera ana. Koma chonde, zothyoka ayi, sitidzakhala ndi nthawi yozikonza.

Tikusowabe anthu awiri odzalandira ndalama patebulo. Amene mungathe, muuzeni mlembi lisanafike Lachinayi.