Mbiri ya rock and roll isayambire pa Elvis Presley

A Mkonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga pa nkhani ya mbiri ya nyimbo za rock and roll imene munatulutsa posachedwapa, yomwe inayambira pa Elvis Presley ngati kuti iye asanatulukire kunalibe woyimba chambachi. Sindikufuna kumuchepetsa Elvis, chifukwa mawu anali nawo ndipo kuvina ankakudziwa, koma nyimbo imene anajambula mu situdiyo ya Sun ku Memphis, ku America, mu Julayi 1954, "That's All Right", inali ya Arthur Crudup, munthu wakuda wa ku Mississippi amene anaijambula kale mu 1946, ndipo Crudup anamwalira mu 1974 ali mmphawi, akulondolabe ndalama za nyimbo zake.

Wofuna gwero la nyimbozi ayambe walowa m'tchalitchi. Sister Rosetta Tharpe, amene anabadwa mu 1915 ku Arkansas, anakulira mu mpingo wachipentekoste wa Church of God in Christ, momwe anthu ankatamanda Mulungu ndi kuwomba m'manja, zoyimbira ndiponso kuvina. Mayi ameneyu anatenga nyimbo zauzimu n'kupita nazo m'malo azisangalalo a ku New York, zomwe zinakhumudwitsa anthu ena opemphera, kenaka anayamba kukhwatcha gitala yamagetsi mwa njira imene anyamata obwera pambuyo pake anatengera. Nyimbo yake ya "Strange Things Happening Every Day", yojambulidwa mu 1944, ili kale ndi mayendedwe onse amene pambuyo pake anatchedwa rock and roll. Komabe bungwe la Rock and Roll Hall of Fame, lomwe linalemekeza Elvis m'gulu loyambirira mu 1986, linamukumbukira mayiyu mu 2018, patatha zaka 45 ali m'manda.

Chaka china chimene nkhani yanu inalumpha ndi 1951. M'chaka chimenechi gulu la Ike Turner linanyamuka ku Clarksdale kupita ku Memphis kukajambula "Rocket 88" kwa Sam Phillips, yemwe uja anadzajambula Elvis. Chokuzira mawu cha gitala chinawonongeka panjira, ndipo atachitsekera mapepala m'kati, gitalayo inalira mosasa mawu ngati munthu wachimfine. Phillips sanaitaye nyimboyo, anaikonda momwemo, ndipo kulira kosasaku, kumene oyimba amakono amachita kugulira makina, kunalowa m'chimbale mwa njira imeneyi. M'chaka chomwecho muulutsi wina mzungu, Alan Freed, anayamba kuika nyimbo za akuda usiku pa wailesi ya ku Cleveland n'kumazitchula kuti rock and roll. Phwando la zoyimba limene anakonza mu Malichi 1952 linathera panjira litangoyamba kumene, chifukwa anthu anachuluka kuposa malo.

Apa ndi pamene pagona nkhani, a Mkonzi. Imeneyi inali nthawi ya tsankho, pamene m'zigawo zakummwera kwa America akuda ndi azungu sankaphunzira m'sukulu imodzi, ndipo m'maholo ena ankamanga chingwe pakati kuti ovina asasakanikirane. Wailesi sinkadziwa chingwe, choncho ana a azungu anayamba kugula zimbale za akuda. Makampani ataona ndalama, anapeza njira yawo: nyimbo ya wakuda ikangotchuka, ankaipereka kwa mzungu kuti aijambulenso moziziritsa. Pat Boone anatenga "Ain't That a Shame" ya Fats Domino ndi "Tutti Frutti" ya Little Richard, ndipo zake zinakwera kuposa za eni ake pa mndandanda wa nyimbo zotchuka. Big Mama Thornton anatulutsa "Hound Dog" mu 1953, patatsala zaka zitatu kuti Elvis aijambule, ndipo mayiyu ankanena kuti anapezapo madola 500 okha. Olima anali ena, okolola ena.

Chaka cha 1955 munachifotokoza bwino, makamaka za Bill Haley, ngakhale kuti Chuck Berry, amene anajambula "Maybellene" ku Chicago chaka chomwecho, anayenera kupatsidwa malo okulirapo kuposa mzere umodzi. Moto woyambawo sunakhalitse. Little Richard anasiya zoyimbazi mu 1957 n'kupita kukaphunzira za Mulungu, Elvis analowa usilikali mu 1958, ndipo Buddy Holly anafa pa ngozi ya ndege pa 3 Febuluwale 1959.

Chodabwitsa n'chakuti amene anakumbutsa Amereka za oyimba awo akuda anali anyamata a ku England. Pamene a Beatles anaonekera pa wailesi ya kanema ku New York pa 9 Febuluwale 1964, anthu pafupifupi 73 miliyoni akuonera, sanabise kuti anaphunzira kwa Chuck Berry ndi Little Richard, ndipo chaka chomwecho anakana kuyimba ku Jacksonville ngati omvera akhala mosankhana mitundu. A Rolling Stones dzina lenilenilo analitenga pa nyimbo ya woyimba wakuda Muddy Waters.

Nkhani yanu inathera pa katswiri wa gitala Jimi Hendrix pa phwando lalikulu la zoyimba la Woodstock mu 1969, pamene owerenga athu akanakondwa kudziwa kuti nyimbozi zinafika pakhomo pathu pompano. M'zaka za m'ma 1970 ku Zambia kunabuka chamba chotchedwa Zamrock, chosakaniza gitala yosasa ija ndi mayimbidwe akwathu kuno. Boma la Kenneth Kaunda litalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za m'dzikomo, magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anapeza mpata, ndipo nyimbo zina anaziyimba m'Chinyanja. Kutsika kwa mtengo wa kopa ndiponso matenda a Edzi zinathetsa magulu ambiri, koma Emmanuel "Jagari" Chanda wa WITCH anabwereranso ku zoyimba atakalamba, mpaka kukayimba ku Ulaya ndi ku America. Ndikupempha kuti mtolankhani wanu adzatilembere nkhani ya anthu amenewa, ndipo ayambe ndi kucheza ndi amene akadali moyo.

Ine wowerenga wanu,
Zomba