Usathamangire kuchotsa boiler, mwana wanga

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tonse tili bwino. Ine ndi mayi ako takondwa kumva kuti tsopano mwalowa m'nyumba yanuyanu ku Leeds, ku England. Wandifunsa ngati uchotse boiler ya gasi, makina otenthetsa madzi ndi nyumba aja, n'kuika heat pump, yomwe imagwira ntchito yomweyo ndi magetsi, poti boma la kumeneko limathandiza ndi mapaundi 7,500 kudzera mu Boiler Upgrade Scheme. Ndalamazo n'zokopa ndithu, koma dekha kaye. Yamba waona komwe kutentha kukuthawira.

Nyumba zakale za njerwa za ku England zimataya kutentha kudenga, m'makoma ndi m'mipata ya zitseko. Kwera kudenga ukayeze insulation yomwe ilipo, zoyala zotchinga kutentha kuti kusathawe zija, iyenera kufika mamilimita 270. Kuwonjezera imeneyo n'kotchipa kuposa makina aliwonse. Uwerengenso pepala la EPC lija munalandira pogula nyumba, losonyeza mmene nyumbayo imagwiritsira ntchito magetsi ndi gasi, analembamo zofunika kukonza.

Heat pump, ndikuuze monga munthu amene wakalambira pa ntchito ya magetsi, ndi makina abwino. Ili ngati firiji yotembenuza: imakoka kutentha mu mpweya wa panja, ngakhale kunja kutagwa chipale, n'kukulowetsa m'nyumba. Pa yuniti imodzi ya magetsi imabweza mayuniti pafupifupi atatu a kutentha. Vuto ndi lakuti ku Britain yuniti ya magetsi imadula pafupifupi kanayi poyerekeza ndi ya gasi. Werengera wekha. Ikaikidwa mwaluso m'nyumba yotsekeka bwino, bilu imatha kufanana ndi ya gasi kapena kutsikako, koma m'nyumba yolowa mphepo udzalira. Madzi ake satentha ngati a boiler, choncho ma radiator ena, zitsulo zodutsamo madzi otentha zofunditsa zipinda zija, angafunike akuluakulu, kuphatikizapo malo oika thanki ya madzi osamba. Woika wake akhale wovomerezeka ndi MCS, bungwe lovomereza amisiri oika makina otere, apo ayi thandizo la boma lija sulipeza.

Ngati boiler ilipoyo ikadali yamphamvu, isiye igwire ntchito. Ikakhala ya combi, yotenthetsa madzi pompopompo popanda thanki ija, tsitsa madzi opita ku ma radiator afike madigiri 60, thermostat, yowongolera kutentha kwa m'nyumba ija, ikhale pakati pa madigiri 18 ndi 21, ndipo chaka chilichonse uziitana mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe, kaundula wa amisiri ovomerezeka a gasi. Timahita tolumikiza kukhoma tija n'totchipa m'sitolo mokha, pa bilu timaluma.

Zoziziritsa nyumba usatayirepo ndalama. Inde, mu Julaye 2022 ku England kunatentha kudutsa madigiri 40, koma masiku otero ndi owerengeka. Fani ndi kutseka makatani masana zikukwanirani. Iwe wokulira ku Chikwawa ungamadandaule ndi dzuwa la ku Leeds?

Koma ichi chokha umve bwinobwino. Bilu ikwere bwanji, usadzalowetse mbaula kapena makala ootchera nyama m'nyumba. Nyumba za kumeneko n'zotsekeka, ndipo mpweya wa carbon monoxide suoneka, sununkha, umapha anthu ali m'tulo. Gula alamu yake sabata ino. Mazenera nawo muzitsekulako pang'ono m'mawa, makamaka mukayanika zovala m'katimo, kuopa nkhungu m'makoma, zingadwalitse zidzukulu zanga chifuwa.

Ukapeza mitengo kwa amisiri awiri kapena atatu, unditumizire pa WhatsApp pamodzi ndi bilu ya Januwale, tiwerengere limodzi usanasaine chilichonse. Upereke moni kwa mpongozi wathu ndi ana.

Ndine,
Bambo ako