Kwa makina, 010 si khumi

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi aphunzitsi a zamagetsi ndi makompyuta m'masukulu a ntchito zamanja.

Ine ndimakonza timabodi toyendetsa mapampu a sola, ndipo ndili ndi mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchitoyi. Mwezi watha tinalumikiza bodi ya STM32 ku laputopu kudzera pa kachipangizo kolumikizira kotchedwa ST-Link n'kutsegula GDB, pulogalamu yofufuzira zolakwika m'mapulogalamu (debugger). Ndinamuuza kuti aike masekondi khumi oti pampu izidikira isanayake. Iye pofuna kuti manambala afole bwino pamzere, analemba 010. Pampu inayamba kuyaka nthawi isanakwane. Masana onse tinathera kugwiragwira mawaya ndi mita, thukuta lili kamukamu, tikuganiza kuti chapsa china chake. Dzuwa litapendeka ndinalemba print 010 mu GDB kuti indionetse nambalayo, ndipo yankho linabwera: 8.

Mwanayo anangoti kakasi, n'kunena kuti, "Koma abwana, ziro wakutsogolo ngopanda ntchito." Ndinamumvera chisoni, chifukwa ndi mmene tonse tinaphunzirira ku pulayimale. Koma GDB imatsata malamulo a chinenero cholembera mapulogalamu cha C: nambala yoyamba ndi ziro imawerengedwa m'magulu a 8, pomwe yoyamba ndi 0x imawerengedwa m'magulu a 16 (hex), motero 0x10 ndi 16.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'choti chida chilichonse chili ndi mwambo wake. Mu U-Boot, pulogalamu yoyambitsa makina akamayaka, malamulo ambiri amatenga nambala ngati ya hex ngakhale usalembe 0x. Ukalemba 100 wapempha 256. Pongowerenga memore palibe chovuta, koma tangoganizani ukufufuta flash ya kasitomala, memore imene imasunga pulogalamu yake. Mu debugger ina yotchedwa TRACE32 namonso, ngati sunasinthe kalikonse, khumi weniweni amafuna kadontho kumapeto, 10., apo ayi wapereka 16.

Pempho langa ndi ili: mwana asanagwire debugger, akhale pansi ndi pensulo asinthe manambala pakati pa 8, 10 ndi 16 mpaka zimulowe m'magazi. Muphunzitseninso kufunsa chidacho kaye. Mu GDB ndi show radix basi, lamulo loonetsa magulu amene ikuwerengera manambala, kenako print nambalayo aione ndi maso asanailembe mu memore.

Mnyamata wanga uja tsopano anamata kapepala pamwamba pa laputopu, polembedwa ndi bolopeni yofiira kuti 010 = 8.

Wokonza zamagetsi,
Zomba