Ku Raveloe ankakayikira obwera pomwe wakuba anali mwana wa mwinimalo

Akonzi,

Ndiloleni nditsutse kudzera m'nyuzipepala yanu momwe anthu ambiri amafotokozera buku la Silas Marner, limene George Eliot anatulutsa ku England mu 1861. Kawirikawiri amati ndi nkhani ya munthu woumira amene anafewa mtima chifukwa cha kamwana kamene anatola, ndipo pofotokoza motero mlandu wonse amausenzetsa mlendoyo. Ine ndikuona kuti woyenera kuyankha mlandu ndi mudzi wa Raveloe, kumene munthuyo, Silas, anasamukira.

Silas anali woomba nsalu amene anachoka m'tauni ina ya kumpoto mnzake wapamtima, William Dane, atamusemera chinyau choti anaba ndalama za mpingo wawo wa ku Lantern Yard. Ku Raveloe anthu ankadziwana mpaka azigogo awo, choncho munthu amene makolo ake sankadziwika ankamuyang'ana ndi diso lofiira, ndipo Silas anakhalako zaka 15 wopanda bwenzi. Anali ndi matenda amene ankamuumitsa thupi kwa kanthawi, ndipo Jem Rodney atamupeza atauma choncho panjira, mlembi wa tchalitchi, bambo Macey, anagamula kuti mzimu wa munthuyu umatuluka m'thupi n'kubwereranso.

Akuluakulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma ku Raveloe kalumoko ndi kamene kanamudanitsa. Ataona Sally Oates, mkazi wa wosoka nsapato, akuvutika ndi matenda a mtima komanso kutupa thupi, anamukonzera mankhwala a chomera cha foxglove amene anathandizapo mayi omubala Silasyo. Sally atapezako bwino, amayi anayamba kufika pakhomo pa Silas ndalama zili m'manja kudzapempha zithumwa za chifuwa chokoka mtima cha ana awo, abambo nawonso ankafuna mankhwala a nyamakazi. Iye anawabweza onse chifukwa sankafuna kudya ndalama yachinyengo, ndipo kuyambira pamenepo aliyense amene anabwezedwa akagwa m'tsoka ankati ndi dumbo la woomba nsalu uja. Anamuda chifukwa chokana kukhala sing'anga amene iwo eni anamupeka.

Gawo limene ndikufuna owerenga aliyang'anitsitse ndi la kubedwa kwa ndalama zake, zomwe zinali mapaundi 272 ndi mashiling'i ochepa. Pafupi ndi nyumba yake panapezeka kabokosi koyatsira moto, ndipo mwini malo omwera mowa a Rainbow, bambo Snell, anakumbukira kuti pafupifupi mwezi umodzi m'mbuyomo kunadutsa wogulitsa malonda oyendayenda amene anali ndi kabokosi kotere. Funso litangofunsidwa ngati munthuyo ankavala ndolo, anthu anayamba kukumbukira ndolo zimene sanazione, mpaka mayi wina, mkhristu wodziwika ndi kunena zoona, analumbira kuti anaziona zazikulu zooneka ngati mwezi wongokhala kumene. Tsiku lomwelo la kuba anasowa Dunstan Cass, mwana wa mwinimalo wamkulu wa m'mudzimo, mnyamata wodziwika ndi uchidakwa komanso njuga, koma palibe amene analumikiza zinthu ziwirizi chifukwa banja lake linali lolemekezeka. Patapita zaka 16, madzi ataphwa m'dzenje la miyala, mafupa a Dunstan anapezeka pamodzi ndi ndalamazo.

N'zoona kuti mudziwo unadzamulandira Silas, koma unatero atataya zonse, pamene panalibenso chomuopera kapena chomuchitira nsanje. Sindikuchepetsa chifundo cha Dolly Winthrop, amene anamubweretsera makeke ndi kumuphunzitsa kasamalidwe ka Eppie, kamwana kamene anatola kaja. Mayiyu anali ndi mtima weniweni. Komabe kamwanako kanaleredwa ndi wobwera chifukwa bambo ake enieni, Godfrey Cass, mkulu wake wa Dunstan, anakaona kali m'manja mwa Silas n'kukhala chete kuti ateteze dzina lake ndi ukwati umene ankaufuna. Mwana wa mwinimalo mmodzi anamubera Silas chuma, winayo anamusiyira udindo wake, ndipo mudzi sunakayikire aliyense wa awiriwa.

Kuno kwathu tinaziona zofanana mu 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe mpaka ku Blantyre, ndipo anthu osadziwika m'dera ankaimitsidwa pamisewu, ena n'kuphedwa popanda umboni uliwonse. N'chifukwa chake ndikupempha aphunzitsi ndi magulu owerenga amene ali ndi bukuli kuti asamathamangire nkhani ya Eppie yokha, koma aziyamba aima pa wamalonda uja, n'kufunsa ophunzira kuti ndolo zimene mboni zinalumbirira zinachokera kuti.

Ine wanu,
Wowerenga, Zomba